Kuyeza malo mwa traverse

Traverse ndi njira yoyezera malo imene woyeza amayenda kuchoka pa mfundo imodzi kupita pa inzake, akulemba ngodya ndi mtunda wa pakati pake. Mfundozo zimalumikizana ngati unyolo. Masiku ano chipangizo chofala pa ntchitoyi ndi total station, chimene chimayeza ngodya ndi mtunda nthawi imodzi.

Kutseka ndi kugawa kusiyana

Woyeza amayambira pa bikoni yodziwika kale n'kukathera pa yomweyo kapena pa ina yodziwikanso. Apa m'pamene amaona ngati miyezo ikugwirizana. Akazungulira munda wa ngodya zisanu, ngodya zam'kati ziyenera kukwana madigiri 540. Sizikwana ndendende, pamatsala kusiyana pang'ono, ndipo kusiyanako kumagawidwa ku mfundo zonse. Njira yakale ndi ya Nathaniel Bowditch ya mu 1808, imene imapatsa mzere wautali gawo lalikulu. Mapulogalamu a pakompyuta monga STAR*NET amagwiritsa ntchito masamu a least squares, amene Adrien-Marie Legendre anasindikiza mu 1805.

Kulowetsa miyezo

Pulogalamu imafuna manambala a mabikoni odziwika, kenako mfundo iliyonse: pamene chipangizo chinaima, mfundo yam'mbuyo, yakutsogolo, ngodya ndi mtunda. Zolakwika zambiri zimalowera pamenepa. Ngodya imayezedwa m'madigiri, maminiti ndi masekondi, ndipo digiri imodzi ili ndi maminiti 60, osati 100. Munthu akalemba 45.30 potanthauza madigiri 45 ndi maminiti 30, koma pulogalamu n'kuwerenga ngati desimali, imatenga madigiri 45 ndi maminiti 18. Maminiti 12 amenewa, pa mzere wa mamita 500, amasuntha bikoni pafupifupi mamita 1.7. Kusinthanitsa mfundo yam'mbuyo ndi yakutsogolo n'koipa kuposa apa, chifukwa unyolo wonse umakhotera kwina. Pulogalamu imagawa bwino tizolakwika ting'onoting'ono, koma nambala yolembedwa molakwika imangoimwaza pa mfundo zosalakwa. N'chifukwa chake woyeza wosamala amayamba wabwerera ku buku lake la kumunda asanavomereze zotsatira.

Ku Nkhamanga

Chigwa cha Nkhamanga m'boma la Rumphi, dera la Themba la Mathemba Chikulamayembe amene likulu lake lili ku Bolero, chili pakati pa mapiri a Nyika ndi nkhalango ya Vwaza. Kumalimidwa fodya wambiri, ndipo minda ya mabanja imachita malire ndi maesiteti a lizi. Lamulo la malo a makolo la mu 2016 limalola mabanja kulembetsa minda yawo, ndipo Rumphi, pamodzi ndi Kasungu ndi Phalombe, linali boma loyesererapo kalemberayu.

Mapu a kuderali amajambulidwa pa UTM zoni 36. Chigwachi chili pamtunda wopitirira mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, choncho mtunda woyezedwa pansi uyenera kuchepetsedwa ndi pafupifupi theka la mita pa kilomita iliyonse usanalowe pa mapu. Vuto lina ndi la mabikoni akale, amene manambala ake anawerengedwa pa Arc 1950, pomwe GPS imapereka a WGS 84. Kusakaniza awiriwa m'fayilo imodzi kumasuntha munda wonse ndi mamita mazana angapo, mpaka malire kugwera m'munda wa mnansi.