Za Mkuyu wa ku Nkhotakota

Ife a ku Cimbiya, anthu a kumapiri, tikatsikira ku Nkhotakota timathamangira kukaona nyanja ndi madzi otentha a ku Mawira. Koma tisapitirire mkuyu wakale umene uli pa Misyoni. Patsinde pace, ati, mpamene Livingstone anakomana ndi Jumbe m'caka ca 1863, namdandaulira kuti aleke kugula anthu. Jumbe sanamvera ai. Zombo zace zinaolotsabe akapolo kunka kutsidya, ulendo wa ku Kilwa, ndipo ambiri a iwo anali Acewa anzathu, osinthanitsidwa ndi nsaru ndi mikanda. Malondawo anatha m'zaka za m'ma 1890. Pafupi pomwepo pali chalichi ca All Saints, m'mene anaika Bishopu Chauncy Maples, amene anamira m'nyanja m'caka ca 1895.