Dzina limene linapulumutsa malupanga a ku Japan

Ku Tokyo National Museum, nyumba yosungiramo zinthu zakale imene inayamba mu 1872, malupanga ambiri amawaonetsa ali osavala. Lupanga amalisolola m'chimake, n'kulichotsa chigwiriro, kenako n'kugoneka chitsulo chokhachokha pa nsalu yoyera kuseri kwa galasi. Zokongoletsa zake amaziika pazokha. Munthu ukaima pamenepo suona pogwira, ndipo n'zosavuta kuiwala kuti chinthuchi chinasulidwa kuti chidule mnofu. Ine ntchito yanga ndi yomasulira mawu, choncho chimene chinandigwira mtima m'zipindazo chinali nkhani ya dzina. Kodi ichi ndi chida, kapena ndi ntchito ya luso? Ku Japan funsoli silinali la anthu a mabuku okha. Inafika nthawi imene yankho lake linalamula malupanga oti asungidwe ndi oti asungunulidwe.

Luso lilipo ndithu, palibe angatsutse. Chitsulo chake, tamahagane, amachiyenga kuchokera ku mchenga wachitsulo ndi makala m'ng'anjo ya dongo yotchedwa tatara, imene imayaka masiku atatu usana ndi usiku. Wosula amachipinda ndi kuchisula mobwerezabwereza mpaka zosafunika zitatuluka. Akatha amamata lupangalo ndi dongo, lochindikala kumsana, lopyapyala kumbali yakuthwa, n'kuliwotcha, n'kuliviika m'madzi. Mbali yakuthwa imazizira msanga n'kuuma gwa, pamene msana umakhala wofewerapo kuti lisathyoke. Pamalire a mbali ziwirizi pamatuluka mzere woyera ngati nkhungu ya m'mawa, umene amati hamon. Limodzi mwa malupanga otchuka a m'nyumbayi ndi Mikazuki Munechika, la masentimita 80, limene amati linasulidwa ndi Sanjō Munechika wa ku Kyoto pafupifupi zaka 1,000 zapitazo. Dzinali limatanthauza mwezi wa masiku atatu, chifukwa cha timaonekedwe tonga mwezi wongokhala kumene timene tili m'mbali mwa mzerewo.

Koma kuti lupanga likhale la anthu owerengeka, panafunika lamulo. Mu 1588 Toyotomi Hideyoshi analamula kuti alimi onse alandidwe malupanga, mauta, mikondo ndi mfuti. Anawalonjeza kuti zitsulozo zidzasanduka misomali yomangira kachisi wa fano lalikulu la Buddha ku Kyoto, ndipo adzapindula nazo m'moyo uno ndi ulinkudza. Lamulo lomwelo silinabise chifukwa china: mlimi wokhala ndi chida amavuta pa msonkho ndipo sachedwa kuukira. Kupatsidwa lupanga ndi mbuye kunali kale chizindikiro cha ulemu. Zolembedwa zina za nthawiyo zimati Yasuke, munthu wa ku Africa amene anatumikira Oda Nobunaga kuyambira mu 1581, ndipo buku lina la mu 1627 limati anachokera ku Mozambique, anapatsidwa nyumba, malipiro ndi lupanga lalifupi. M'nyengo ya Edo, kuyambira 1603 mpaka 1868, kuvala malupanga awiri m'chiuno, lalitali ndi lalifupi, kunakhala chizindikiro cha asamurai.

Nyengoyi inali ya mtendere zaka zoposa 200, ndipo luso linasefukira pa zokongoletsa. Pano ndi pamene ndinachedwa kwambiri, nkhope itatsala pang'ono kukhudza galasi. Pali tsuba, kambale kachitsulo kotchinjiriza dzanja, kosaposa chikhatho, koma pamenepo mmisiri anajambulapo dziwe, bango ndi tsekwe akuuluka. Pali menuki, tizifanizo ting'onoting'ono tobisika pansi pa chingwe chokulunga chigwiriro, timene mwini lupanga ankatimva ndi zala kuposa kutiona. Amisiri ankasakaniza mkuwa ndi golide pang'ono n'kupeza chitsulo chakuda bii chonyezimira chotchedwa shakudō, n'kuchikhoma timadontho tofanana ndi mazira a nsomba, kadontho kalikonse ndi dzanja. Banja la Gotō, kuyambira pa Gotō Yūjō amene anamwalira mu 1512, linagwira ntchitoyi mibadwo 17.

Komabe amene akufuna mbiri yonse ayang'ane kumchira kwa lupanga, mbali yolowa m'chigwiriro, imene amati nakago. Mbaliyi saipukuta, chifukwa dzimbiri lake lakuda ndi umboni wa msinkhu. Pamenepo pali dzina la wosula ndi mabowo a kamsomali ka nsungwi kogwira chigwiriro. Pa malupanga ena a m'zaka za m'ma 1600 pali mawu enanso olembedwa ndi golide: tsiku, dzina la woyesa lupanga, ndi chiwerengero cha matupi amene linadula pakutema kamodzi, awiri kapena atatu. Matupiwo anali a anthu ophedwa pa milandu. Mumzinda wa Edo, umene lero ndi Tokyo, ntchito yoyesayi inadzakhala ya banja la Yamada Asaemon. Chiwerengero chikakwera, mtengo wa lupanga unkakweranso.

Mu Marichi 1876 boma latsopano la mfumu Meiji linaletsa kuyenda ndi lupanga, kupatula asilikali, apolisi ndi ovala zovala za mwambo wa boma. Osula ndi amisiri a zokongoletsa anasowa wowagula. Ena anayamba kusula mipeni ya kukhitchini. Kanō Natsuo, katswiri wa tsuba, anali atatengedwa kale ndi boma kuti akonze maonekedwe a ndalama zatsopano zachitsulo. Mabanja a asamurai amene anasauka anagulitsa zimene anali nazo, ndipo tsuba zambirimbiri zinawoloka nyanja zitasiyana ndi malupanga ake. N'chifukwa chake lero munthu amazipeza ku Victoria and Albert Museum ku London ndi ku Museum of Fine Arts ku Boston.

Lupanga silinapume mpaka kalekale. M'zaka za m'ma 1930 akuluakulu a asilikali a Japan anayambanso kuvala malupanga ooneka ngati a makolo awo, ndipo anapita nawo ku China. Chakumapeto kwa 1937 nyuzipepala ya Tokyo Nichi Nichi Shimbun inalemba moyamikira za asilikali awiri, Mukai Toshiaki ndi Noda Tsuyoshi, kuti akupikisana woyamba kupha anthu 100 ndi lupanga pa ulendo wa ku Nanjing. Nkhondo itatha anaweruzidwa ku Nanjing komweko, n'kuphedwa mu Januwale 1948.

Japan itagonja mu 1945, asilikali a America ndi anzawo analamula kuti zida zonse ziperekedwe. Malupanga ambiri anasungunulidwa, ena anatayidwa m'nyanja, ena asilikali anapita nawo kwawo ngati chikumbutso. Honjō Masamune, lupanga limene linali chuma cha banja la Tokugawa, linaperekedwa ku polisi ya Mejiro mu Disembala 1945, ndipo silinaonekenso mpaka lero. Akatswiri monga Honma Junji ndi Satō Kanzan anachonderera akuluakulu a asilikaliwo kuti asiyanitse chida wamba ndi lupanga la luso, ndipo anamveka. Mu 1948 panakhazikitsidwa bungwe losunga malupangawa, Nihon Bijutsu Tōken Hozon Kyōkai. Liwu lachiwiri m'dzinali, bijutsu, limatanthauza luso la zokongola. Ndilo linagwira ntchito yonse.

Dzinali lidakalamulabe. Lero ku Japan lupanga lakale limalembetsedwa ku nthambi ya za maphunziro ya chigawo, ndipo akatswiri ndiwo amaona ngati linasulidwa mwa njira ya makolo. Limene lakanidwa, monga ambiri opangidwa m'mafakitale pa nthawi ya nkhondo, munthu wamba saloledwa kulisunga. Malupanga oposa 3,000 mwa amene anaunjikidwa ku Akabane mu Tokyo, eni ake osapezeka, anagawidwa ku nyumba zosungiramo zakale m'dziko lonselo mu 1999.

Sindikuwatsutsa amene anapulumutsa malupangawa. Akanapanda iwo, ntchito ya manja ya zaka 1,000 ikanathera pansi pa nyanja. Koma womasulira amadziwa kuti ukasankha liwu limodzi, lina lija limatsalira panja. Tikati luso, mlimi wa mu 1588, wamlandu wa ku Edo ndi munthu wa m'njira ya ku Nanjing sakwanamo m'chiganizocho. M'Chichewa liwu loti lupanga ambiri tinalimva koyamba m'Baibulo, ndipo silinataye ntchito yake: si mpeni wa ndiwo, si chikwanje cha kumunda, ndi chophera munthu. Polemba nkhaniyi ndalisunga dala. Amene adzaime pa galasi lotere, kaya ku Tokyo, ku London kapena ku Boston, asirire mzere woyerawo mmene angathere, koma asachoke asanasuzumire kumchira kuona zimene zinalembedwako.