Robert Thurston: Injiniya wa Sitima Amene Anakhala Pulofesa

Ambiri a ife kuno ku Katete, Sinda ndi Vubwi sitinaionepo nyanja yamcere. Koma tonse tidziwa kulira kwa cheni ca njinga cikauma, ndiponso mmene cigayo cimatenthera cikasowa mafuta. Munthu amene tikambe lero anathera zaka zambiri akufufuza bvuto lomweli.

Robert Henry Thurston anabadwa pa 25 October 1839 mumzinda wa Providence ku America. Atate ake anali kupanga mainjini oyendera nthunzi, motero mnyamatayo anakulira pakati pa zitsulo. Anatsiriza maphunziro pa Brown University mu 1859.

Mu 1861 m'dzikolo munabuka nkhondo yapaciweniweni, imene inathetsa ukapolo. Thurston analowa gulu la asilikali a pamadzi monga injiniya. Nchito yake inali pansi m'kati mwa sitima, m'cipinda cotentha, mmene malasha amawiritsa madzi ndipo nthunzi imakankha zitsulo zoyendetsa sitimayo. Sitima ya Ilala, imene inafika ndi amishoni pa Nyanja ya Malawi mu 1875, nayonso inali kuyendera nthunzi. Taganizani: injini ikafa pakati pa nyanja, kulibe galaji yothawirako. Moyo wa onse okweramo uli m'manja mwa injiniya.

Nkhondo itatha mu 1865, anamtuma kukaphunzitsa pa sukulu ya asilikali a pamadzi ku Annapolis. Mu 1871 anakhala pulofesa woyamba wa zamakina pa Stevens Institute of Technology ku Hoboken. Masiku amenewo anthu ambiri anali kuphunzira zamakina mwa kungoonerera amisiri m'fakitale. Thurston anafuna kuti mutu ndi manja ziyendere pamodzi. Anakhazikitsa labotale, kuti wophunzira akacoka pa masamu azikayesa yekha kulimba kwa citsulo.

Iye anaona kuti mphamvu yambiri ya injini imatayika pamene zitsulo zikhulana. Kukhulanako kumabweretsa kutentha, ndipo kumadya citsulo pang'onopang'ono. Tsono anapanga makina oyesera mafuta, kuti adziwe mafuta oyenera nchito iliyonse, ndipo mu 1885 anatulutsa buku la nkhani imeneyi. Inali nchito yofuna kuleza mtima. Paja akulu amati kuona maso a nkhono nkudekha.

Mu 1880 anasankhidwa kukhala pulezidenti woyamba wa American Society of Mechanical Engineers. Mu 1885 anapita ku Cornell University kukatsogolera Sibley College, sukulu ya zamakina, ndipo anagwira nchitoyo kufikira imfa yake pa 25 October 1903, tsiku limene anakwanitsa zaka 64.

Nanga ife tiphunzirapo ciani? Pakati pathu pali maganizo akuti wophunzira sagwira girizi, ndi kuti wokonza njinga pamsika ndiye kuti sukulu inamkana. Maganizowa amaticedwetsa. Ndico cifukwa cake mjigo ukafa, amai amabwerera ku citsime ca kudambo kwa miyezi, kudikira mmisiri wocokera kutali. Thurston anayamba ndi manja akuda, nawonjezapo masamu, ndipo pamapeto pake anagawira ena zimene anadziwa. Kumbukirani kuti pa Eksodo 31, luso la Bezaleli la kusula ndi kusema linacokera kwa Mulungu.

Iwe amene ukonda kumasula mawailesi, usanyoze masamu ndi sayansi. Ku University of Zambia ku Lusaka ndi ku Copperbelt University ku Kitwe amaphunzitsa za uinjiniya, ndipo pafupi pompano pali Chipata Trades. Nawe amene udziwa kale kukonza pampu kapena ngolo, usaumire luso lako: tenga mng'ono wako mmodzi umphunzitse.

Pa msonkhano wanu wotsatira, lembani makina onse amene anafa m'mudzi mwanu. Kenaka funsanani kuti ndani mwa inu adzaphunzira kuwakonza.