Kutaya voti kapena kufesa mbewu? Ulendo wa Chipata ndi zipani zing'onozing'ono

Chaka cha masankho chikafika, pali mkangano umodzi umene susowa pamsika wa Kapata mumzinda wa Chipata. Umabuka pamene anyamata a njinga akudikirira okwera, umabukanso m'mabasi opita ku Mwami, ku Katete ndi ku Lundazi. Wina akangotchula mtsogoleri wa kachipani kakang'ono amene wamugwira mtima, mnzake amamudula pakamwa: "Iwe, usataye voti. Ameneyo sangawine. Sankha mmodzi mwa awiriwa." Winayo amayankha kuti chala ndi chake, ndipo akuluakulu awiriwo onse anamukola.

Mkanganowu ndi wakale, ndipo anthu a chigawo cha Kum'mawa auona mbali zake zonse. Avoterapo wolamula, avoterapo wogonja ali okhaokha m'dziko lonse, avoterapo munthu amene anathera pa nambala 4, ndipo aonapo chipani chimene ankachiseka chikulowa ku State House.

Masiku a nkhwazi ndi chule

Zambia italandira ufulu mu 1964, zipani zodziwika zinali ziwiri: UNIP ya Kenneth Kaunda ndi ANC ya Harry Mwaanga Nkumbula. Kum'mawa kunali kwa UNIP, ndipo wachiwiri kwa pulezidenti woyamba, Reuben Kamanga, anali mwana wakuno. Pamsonkhano wa chipani ku Mulungushi mu 1967, Kamanga anagonja kwa Simon Kapwepwe pampando wa wachiwiri. Andale akuno zinawapweteka, ndipo m'zaka zimenezo ndi momwe munamveka mawu akuti "Umodzi Kum'mawa", kutanthauza kuti chigawo chikagawikana, ku Lusaka sichidzamveka.

Kapwepwe nayenso sanakhalitse. Mu 1971 anachoka mu UNIP n'kutsogolera chipani cha UPP, koma mu February 1972 boma linachiletsa ndipo iye anatsekeredwa. Pofika December chaka chomwecho, dziko linali la chipani chimodzi. Pa masankho a 1973, 1978, 1983 ndi 1988, munthu wopikisana pampando wa pulezidenti anali mmodzi yekha, ndipo wovota ankangosankha "Inde" kapena "Ayi". Achikulire amakumbukira kuti "Inde" ankaimiridwa ndi nkhwazi, pamene "Ayi" ankamupatsa nyama zonyozeka monga chule. Nkhani ya chipani chachitatu sikanabuka m'dziko limene ngakhale chachiwiri chinalibe malo.

Chigawo chimene chinatsala chokha

Pa 31 October 1991 zinthu zinatembenuka. Frederick Chiluba wa MMD anapeza mavoti pafupifupi 76 pa 100 alionse, Kaunda 24. M'Nyumba ya Malamulo MMD inatenga mipando 125 mwa 150. Pa mipando 25 imene UNIP inapulumutsa, 19 inali ya Kum'mawa, ndiye kuti mipando yonse ya chigawo chino. Mphepo ya kusintha inaomba kuchokera ku Kitwe mpaka ku Livingstone, koma itafika pamlatho wa Luangwa inabwerera.

Kuyambira pamenepo UNIP, imene inalamula zaka 27, inayamba kuchepa mpaka kukhala ngati chipani cha chigawo chimodzi. Mu 1996 boma la MMD linasintha malamulo a dziko kuti wopikisana pa upulezidenti akhale woti makolo ake onse awiri anabadwira m'Zambia. Makolo a Kaunda anachokera ku Nyasaland, choncho lamulolo linamutsekera khomo, ndipo UNIP inanyanyala masankho. Kusintha komweko kunabweretsanso chinthu china chimene ambiri sanachisamale pa nthawiyo. Malamulo a 1991 ankafuna kuti wopambana apeze mavoti opitirira theka, koma tsopano aliyense woposa anzake, ngakhale ndi voti imodzi, ankatenga mpando. Mantha a "kutaya voti" anamera pa lamulo limeneli.

2001: chaka cha anthu 11

Chiluba atafuna kulamula kachitatu, MMD inang'ambika. Wachiwiri wake, Lt Gen Christon Tembo, anachoka n'kukatsogolera FDD. Godfrey Miyanda anayambitsa Heritage Party. Michael Sata, atakhumudwa kuti Chiluba wasankha Levy Mwanawasa kukhala wolowa m'malo, anayambitsa Patriotic Front (PF) kutangotsala miyezi yochepa kuti anthu avote. UNIP inaimika Tilyenji Kaunda, mwana wa pulezidenti woyamba. Pa 27 December 2001, papepala lovotera panali maina 11.

Mwanawasa anapambana ndi mavoti pafupifupi 29 pa 100. Anderson Mazoka wa UPND anapeza 27, Tembo 13, Tilyenji 10, Miyanda 8, ndipo Sata anangotola 3. Kusiyana kwa Mwanawasa ndi Mazoka kunali mavoti pafupifupi 34,000 okha, pamene Tembo ndi Tilyenji pamodzi anali ndi opitirira 400,000. Kum'mawa kuno, amene anatsogola anali Tilyenji, wotsatira Tembo. Akuluakulu awiri amene ankalimbirana State House anatsalira kumbuyo kwa anthu amene m'dziko lonse anathera pa nambala 3 ndi 4.

Amene amati voti ya kachipani imatayika amaloza chaka chimenechi. Anthu 7 mwa 10 alionse anakana MMD, koma MMD inapitiriza kulamula. Mazoka, Tembo ndi Miyanda anakasuma ku Supreme Court, ndipo chigamulo chinadzabwera mu February 2005 chokomera Mwanawasa. Komabe mavoti omwewo anachita kanthu kena. M'Nyumba ya Malamulo MMD inapeza mipando 69 yokha mwa 150, UPND 49, UNIP 13 ndi FDD 12. Mwanawasa anayamba ulamuliro wake akudziwa kuti popanda kunyengerera otsutsa, ndiponso popanda Kum'mawa, 2006 idzamuvuta.

Mtengo wa voti yokanidwa

Otsutsa anaphunzira kuti mutu umodzi susenza denga. Pokonzekera masankho a 2006, UPND, FDD ndi UNIP zinagwirizana pansi pa dzina la UDA. Mazoka anamwalira mu May chaka chomwecho, ndipo mgwirizanowo unaimika munthu wamalonda amene ambiri kumidzi anali asanamumvepo, Hakainde Hichilema. Mwanawasa nayenso anafunafuna munthu womutsegulira njira ya Kum'mawa, ndipo anamupeza pafamu pafupi ndi Chipata: Rupiah Banda, amene anakhalapo nduna yoona za kunja m'boma la Kaunda, mwana wa UNIP weniweni.

Pa 28 September 2006 Mwanawasa anapeza mavoti 43 pa 100, Sata 29, Hichilema 25. Atangopambana, Mwanawasa anasankha Banda kukhala wachiwiri wake. Chigawo chimene mu 1991 ndi mu 2001 chinakana MMD chinalandira mpando wachiwiri m'dziko. Chikanakhala chovotera MMD mosavuta kuyambira 1991, sipakanakhala chifukwa choti wina achigulire mphatso yotere.

Mwanawasa atamwalira ku Paris pa 19 August 2008, masankho apadera anachitika pa 30 October. Banda anaposa Sata ndi mavoti pafupifupi 35,000, pamene Hichilema, amene anali wachitatu, anali ndi opitirira 350,000, kuwirikiza ka 10 kusiyanako. Otsatira PF ankati UPND yawagwetsa. Mu 2009 zipani ziwirizo zinapangana zoyenda limodzi, koma panganolo linatha kumayambiriro kwa 2011, makamaka chifukwa panalibe wofuna kukhala wachiwiri wa mnzake. Pa 20 September 2011 Sata anapambana ndi 42 pa 100, Banda 35, Hichilema 18. Kum'mawa kunaima ndi Banda, ndipo kunagonja nayenso. Tilyenji Kaunda, amene zaka 10 m'mbuyomo anatsogola m'chigawo chino, sanafike ngakhale pa voti imodzi mwa 100 m'dziko lonse. Sata, munthu wa 3 pa 100 uja wa mu 2001, ndiye anali pulezidenti.

Wako ni wako

Sata anamwalira ku London pa 28 October 2014. Banda anafuna kuimiranso MMD, koma khoti linagamula kuti woimira chipanicho ndi Nevers Mumba. Pamenepo Banda anathandiza Edgar Lungu wa PF, amene kwawo kwa makolo ake ndi ku Petauke, ndipo mawu akuti "wako ni wako" anamveka m'misika ndi m'midzi. Pa 20 January 2015 Lungu anaposa Hichilema ndi mavoti 27,757 okha. Edith Nawakwi wa FDD ndi Mumba wa MMD, aliyense wosafika pa voti imodzi mwa 100, pamodzi anali ndi mavoti pafupifupi 30,000. Sikuti onsewo akanapita mbali imodzi, koma chiwerengerocho chinakwana kusowetsa tulo zipani zonse ziwiri. MMD, imene inalamula zaka 20, inali itasanduka kachipani m'zaka zosakwana 4.

Zoterezi sizichitika ku Zambia kokha. Katswiri wa ndale wa ku France, Maurice Duverger, anafotokoza kale m'zaka za m'ma 1950 kuti kumene woposa anzake amatenga zonse, ovota amathawa zipani zing'onozing'ono poopa kuthandiza amene sakumufuna. Ku America mu 2000, Ralph Nader anapeza mavoti opitirira 97,000 ku Florida, kumene George W. Bush anaposa Al Gore ndi mavoti 537 okha. Pafupi pano, kutsidya kwa Mwami, masankho a Malawi a 2019 anapatsa Peter Mutharika 38.6 pa 100, Lazarus Chakwera 35.4 ndi Saulos Chilima 20.2. Khoti linafafaniza zotsatirazo pa 3 February 2020 n'kunena kuti wopambana ayenera kupitirira theka, ndipo Chakwera ndi Chilima atagwirizana anapambana mu June chaka chomwecho.

Lamulo latsopano, mantha akale

Pa 5 January 2016 Lungu anasainira malamulo a dziko osinthidwa ku National Heroes Stadium mumzinda wa Lusaka. Lamulo la theka ndi voti imodzi, limene komishoni ya Willa Mung'omba inalimbikitsa mu 2005, linabwerera. Pakakhala kuti palibe wopitirira theka, anthu awiri otsogola amabwereza masankho pasanathe masiku 37. Papepala, lamuloli limamasula wovota. Angathe kuvotera wa pamtima pake ulendo woyamba, n'kudzasankha pakati pa akuluakulu awiri ulendo wachiwiri.

Zimene zinachitika ndi zosiyana. Pa 11 August 2016 Lungu anapeza 50.35 pa 100, Hichilema 47.63, ndipo anthu ena 7 anagawana 2 otsalawo. Lungu anadutsa mzere wa theka ndi mavoti pafupifupi 13,000 okha. Pa 12 August 2021 opikisana anali 16, kuposa chaka china chilichonse m'mbuyomo. Hichilema anapambana ndi 59 pa 100 pa ulendo wake wachisanu ndi chimodzi, Lungu anapeza pafupifupi 39, ndipo anthu 14 enawo, kuphatikizapo Harry Kalaba, Fred M'membe ndi Bishopu Trevor Mwamba wa UNIP, anagawananso 2 pa 100. Mu 2001 zipani zosakhala ziwiri zoyambirira zinatenga mavoti opitirira 40 pa 100. Patatha zaka 20, papepala maina anachuluka, mavoti awo n'kuuma.

Zifukwa zake n'zooneka. Masankho a 2015 ndi 2016 anali othinana kwambiri moti wovota aliyense ankaona ngati chala chake ndicho chigamule. Kampeni ya dziko lonse imadyanso ndalama: zitenje, malaya, mafuta a magalimoto, ndi oyang'anira m'malo ovotera opitirira 12,000. Ndiponso atsogoleri a zipani zing'onozing'ono anaona kuti phindu lili pogwirizana ndi wamkulu masankho asanachitike. Felix Mutati ndi Charles Milupi analowa mumgwirizano wa UPND mu 2021, ndipo onse awiri anadzakhala nduna.

Koma mtima wosankha munthu payekha sunafe Kum'mawa. Mu 2021 momwemo, pamene mavoti a pulezidenti m'chigawo chino anagawikana pakati pa Lungu ndi Hichilema, anthu a ku Petauke Central ndi ku Nyimba anatumiza ku Nyumba ya Malamulo aphungu oima paokha. Wovota yemweyo amene papepala la phungu amatsata nkhope imene akuidziwa, papepala la pulezidenti amayamba wawerengera kaye kuti ndani angagwetse ndani.

Choncho anyamata awiri a pa Kapata aja, aliyense ali ndi umboni wake. Wokana kutaya voti angatchule 2001, pamene otsutsa anagawana mavoti n'kusiyira mpando munthu amene 7 mwa 10 sanamufune. Mnzakeyo angayankhe kuti mapulezidenti atatu otsatizana kuyambira 2011 anachokera m'zipani zimene zinakhalapo pa nambala 3 kapena kumbuyo kwake, ndipo zipanizo zinakula chifukwa panali anthu amene ankazivotera chaka ndi chaka akuuzidwa kuti sizingawine. Angawonjezenso kuti UNIP ndi MMD, zimene zinkaoneka ngati mapiri a Chipata osasunthika, lero zimawerengedwa pamodzi ndi tizipani tija. Mbewu zambiri zofesedwa motere zinaolera m'nthaka, ngati za FDD ndi Heritage Party. Ziwiri zinamera, PF ndi UPND, imodzi itadikira zaka 10, inayo zaka 23.