Brownie wa chiponde: keke yosonkhanitsa zotsala za Khrisimasi

Zisangalalo za Khrisimasi ndi Chaka Chatsopano zikapita, m'nyumba zambiri za ku Kawale, Biwi, Chinsapo ndi Area 23 mumatsala tinthu tosakwanira kugawira banja lonse: zibenthu za chokoleti chomwe anabwera nacho achibale a ku Joni, matofi angapo pansi pa paketi, mabisiketi ophwanyika, mwinanso theka la chitini cha koko. Januwale ndi mwezi wa fizi, yunifolomu ndi feteleza wobereketsa, choncho ndalama yogulira keke m'sitolo palibe. Koma ilipo keke ina yomwe imalandira zotsala zonsezi m'poto mmodzi, ndipo dzina lake ndi brownie.

Brownie ndi keke yosafufuma, yakuda chifukwa cha koko, yomwe imadulidwa m'tizidutswa tangodya zinayi. Pamwamba pake pamakhala kakhungu kopyapyala kong'aluka, pomwe m'kati mumakhala mofewa ndi monyowa pang'ono. Imasiyana ndi keke yapaukwati chifukwa ufa umachepa, mafuta ndi shuga ndiye amachuluka. Yisiti salowamo, ndipo ambiri saikamo ngakhale soda. Ichi n'chifukwa chake imayenerera mbaula, pakuti keke yomwe siyembekezeka kutukuka ilibenso mantha ogwa pakati moto ukasinthasintha.

Kwawo kwa keke imeneyi ndi ku America. Mbiri yomwe imakambidwa kawirikawiri imati inayambira ku hotela ya Palmer House mumzinda wa Chicago m'chaka cha 1893, pomwe mayi Bertha Palmer anapempha ophika kuti akonzere amayi obwera kuchionetsero chachikulu cha mumzindawo keke yaing'ono yotheka kunyamula m'bokosi. Kuphatikiza chokoleti ndi chiponde kunatchukanso komweko. H.B. Reese, yemwe anagwirapo ntchito kwa Milton Hershey ku Pennsylvania, anayamba kugulitsa timakapu ta chokoleti tokhala ndi chiponde m'kati m'chaka cha 1928. Kumeneko ana amatolera maswiti khomo ndi khomo pa 31 Okutobala, tsiku la Halloween, ndipo otsala ndi omwe makolo amawaduladula n'kuwathira mu brownie.

Kuno kwathu, pa zinthu ziwirizi, chodula ndi chokoleti. Koko wambiri wa pa dziko lapansi amalimidwa ku Côte d'Ivoire ndi Ghana, ngakhale anansi athu a ku Kyela m'dziko la Tanzania, kungodutsa malire a Karonga, amalimanso. M'chaka cha 2024 mtengo wa koko pamsika wa maiko onse unapyola madola 10 000 pa tani, patangotha miyezi yochepa kwacha itagwa mphamvu ndi K44 pa K100 iliyonse mu Novembala 2023. Chibenthu cha chokoleti sichinthu chotaya. Mtedza ndiye wathuwathu. Umalimidwa kwambiri ku Mchinji, Kasungu, Dowa ndi Lilongwe, ndipo msika wa Mgona ndi umodzi mwa malo omwe matumba ake amatsikira mumzinda. Mtundu wa CG7, wofiira uja, uli ndi mafuta ambiri ndipo umatulutsa chiponde chosalala. Chalimbana ali ndi maso akuluakulu ndi kakomedwe kake, koma amafuna kusinja nthawi yotalikirapo.

Pa mtedza pomwepa ndi pomwe wophika ayenera kutsegula maso. Mtedza womwe unauma mosakwanira, kapena unawazidwa madzi kuti makoko afewe poswa, umagwidwa ndi chuku chomwe chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Poizoniyu amaononga chiwindi, amatha kuyambitsa khansa ya chiwindi, ndipo akatswiri a zaumoyo amamutchula pa zifukwa zopinimbiritsa ana. Choipa kwambiri n'chakuti moto wa m'khitchini sumupha. Kukazinga mtedza kapena kuphika keke sikuuchotsa. Chitetezo chili pa lichero: tayani njere zonse zofota, zosweka, zakuda, zoboola tizilombo ndi zowawa, ndipo musazipatse nkhuku. Vuto ndi lakuti mtedza wotsala posankha wabwino ndi womwe umatsika mtengo, ndipo ukasinjidwa kukhala chiponde kapena nsinjiro, diso silingathenso kuuzindikira. Choncho ndi bwino kusinja nokha mtedza womwe mwasankha ndi manja anu, apo ayi kugula chiponde cha m'botolo chokhala ndi chizindikiro cha bungwe la Malawi Bureau of Standards.

Chiponde china chomwe sichiyenera kufika m'poto ameneyu ndi cha kuchipatala, cha m'timapaketi. Chimenecho ndi mankhwala a mwana wonyentchera, ndipo chinayezedwa molingana ndi sikelo ya mwanayo. Wochigula pamsika kuti aphikire keke wadya gawo la mwana wodwala.

Muyezo wa poto kapena tereyi ya masentimita 20 ndi uwu: theka la kapu ya majarini osungunula, kapu imodzi ya shuga, mazira awiri, theka la kapu ya koko waufa, theka la kapu ya ufa wa tirigu, kamchere kotsina ndi zala, theka la kapu ya chiponde, ndi kapu imodzi ya zotsala zoduladula. Ngati zotsalazo ndi zotsekemera kwambiri, chotsani masupuni atatu kapena anayi pa shuga. Ngati m'malo mwa koko muli ndi ufa wa chokoleti wothira m'mkaka monga Milo, dziwani kuti muli kale shuga wambiri. Kekeyo idzatuluka yotuwirako, ndipo shuga mumuchepetse kufika theka la kapu.

Si switi aliyense amene amagwirizana ndi moto. Chokoleti cha mtundu uliwonse chimalowa, ngakhale chomwe chinasungunuka ndi kutentha kwa Disembala n'kuumanso. Kutuwa komwe kumaoneka pamwamba pa chokoleti chotere si nkhungu ayi, ndi mafuta kapena shuga zomwe zakwera pamwamba, ndipo n'chodyeka bola tsiku lolembedwa papepala lisanadutse komanso fungo lili bwino. Mabisiketi, mphesa zouma ndi mtedza wokazinga zimalowa bwino. Matofi amafuna nzeru: aduleni ting'onoting'ono ndipo muwakwirire pakati, chifukwa akakhudza chitsulo amapserera n'kukakamira. Maswiti olimba, a pakamtengo aja, amasungunuka kenako n'kuumanso ngati galasi, zomwe zingathyole dzino kapena kutsamwitsa mwana. Amenewo ndi chingamu asiyeni pambali.

Kasakanizidwe kake n'kosavuta. Sungunulani majarini pamoto wochepa, tsitsani poto, thirani shuga ndi koko n'kutakasa. Dikirani zizizire pang'ono musanaswere mazira, kuopa kuti angapse ngati okazinga. Apa takasani mwamphamvu kwa mphindi ziwiri, pakuti shuga wosungunuka bwino m'mazira ndiye amabala kakhungu konyezimira kaja. Ufa ndi mchere zilowe pomaliza, ndipo ufa ukangosowa m'maso lekani kutakasa. Wopitiriza amapeza keke yolimba ngati chigumu chogona. Thiranimo zotsala zija, khuthulirani m'poto wopaka majarini, kenako dontheza chiponde pamwamba ndi supuni n'kuchikoka ndi nsonga ya mpeni kuti chipange mizere. Chiponde chosinja pamtondo chikakhala cholimba, chifewetseni ndi supuni imodzi ya mafuta ophikira.

Mu uvuni wamagetsi keke imeneyi imapsa pa madigiri 180 kwa mphindi 20 mpaka 25. Magetsi akathima, kapena ngati uvuni mulibe, njira ya chikondamoyo imagwira ntchito. Makala ambiri akhale pa chivundikiro, pansi patsale ochepa okwiririka ndi phulusa, chifukwa koko ndi shuga sizichedwa kupserera, ndipo popeza keke ndi yakuda kale, kupsererako mumakumva ndi mphuno musanakuone. Amayi ena ku Area 25 ndi madera ena amathira mchenga wouma m'sefuliya yaikulu, n'kukhazika poto wa keke pamchengapo, kenako n'kuvundikira. Njirayi imachedwerapo, imatha kufika mphindi 40, koma kutentha kumafalikira mofanana.

Chomwe chimasokoneza ozolowera keke wamba ndi nthawi yophula. Pa keke ina timadikira kuti kamtengo kobayira katuluke kouma. Pa brownie kayenera kutuluka ndi tinyenyeswa tonyowa, osati phala, koma osatinso koyera. Bayani malo awiri kapena atatu, chifukwa mukhoza kulasa chibenthu cha chokoleti chosungunuka n'kuyesa kuti sinapse. Ikaphulidwa imapitiriza kupsa ndi kutentha kwa poto, ndipo isadulidwe lisanathe ola limodzi, apo ayi imangophwasuka.

Poto mmodzi amatulutsa zidutswa 16. M'chidebe chotseka bwino zimakhala masiku atatu, ngakhale chinyezi cha nyengo ya mvula chimafulumizitsa nkhungu. Amene akufuna kugulitsa pageti la sukulu kapena kugawa kumpingo azinena poyera kuti muli mtedza, chifukwa alipo anthu omwe thupi lawo limadana nawo mpaka kutupa milomo ndi kubanika. Wotere akayamba kuvutika kupuma, athamangitsidwe kuchipatala nthawi yomweyo.