Adani Osakira Limodzi Achifwamba

Mu 1832, nkhondo yomenyera ufulu itatha, malire a Greece ndi ufumu wa Ottoman adalembedwa kuchokera ku gombe la Arta kukafika ku gombe la Volos. Mzerewo unkadutsa m'mapiri momwe abusa a Vlach ndi a Sarakatsani ankakwera ndi nkhosa m'chilimwe n'kutsika kukazizira, monga ankachitira makolo awo.

Amene adakondwa nawo kwambiri malirewa ndi achifwamba. Ukaba ziweto kapena kugwira munthu kuti abale ake apereke dipo, umangodumphira tsidya linalo, basi, asilikali okuthamangitsa aima. Mawa ukaba tsidya ilo, n'kuthawira kuno.

Chimene chimandichititsa chidwi ine n'chakuti maboma awiri odana chonchi adakakamizika kukhala pansi. Mu 1856 adasainirana pangano lothandizana kusaka achifwamba, mu 1865 adasainanso lina. Koma dikirani kaye. Mu 1854, nkhondo ya Crimea ili mkati, magulu a mfuti ochokera ku Greece adawoloka kukautsa chipolowe ku Thessaly ndi Epirus, ndipo mwa iwo munali achifwamba omwewo. Britain ndi France adafika poika asilikali awo padoko la Piraeus mpaka 1857 kuti boma la Athens lisiye zimenezo. Ndiye tangoganizani, mkulu wa asilikali auzidwa kuti agwire munthu amene dzana ankamutcha ngwazi, amenenso mawa angafunike nkhondo ikabuka. Amugwira ndi mtima wonse? Nakonso ku Ottoman, alonda ambiri a njira za m'mapiri sanali asilikali enieni, ndipo malipiro akachedwa, mlonda ndi wakuba ankangokhala munthu mmodzi. Kwa ine, apa m'pamene mapanganowo ankafookera, osati pa mawu olembedwawo ayi.

Manyazi adadza mu Epulo 1870. Gulu la abale a Arvanitakis lidagwira alendo amene ankachokera kokaona Marathon, kufupi ndi Athens penipeni. Zokambirana zitasokonekera, Angerezi atatu ndi Mtaliyana mmodzi adaphedwa ku Dilessi. Ulaya yense adalusa, ndipo boma la Greece lidayamba kusaka achifwamba molimbika kuposa kale.

Mu 1881 Thessaly ndi Arta zidaperekedwa kwa Greece, malire n'kusunthira kumpoto. Abusa ena adapezeka kuti msipu wawo wa chilimwe uli dziko lina, wa nyengo yozizira uli dziko linanso.