MAGALIMOTO AWIRI KUCOKERA KU CAPE TOWN KUFIKA KU CAIRO

Munthu akaima masiku ano m'mbali mwa mseu waukuru wa kumpoto, pa Kapiri Mposhi kapena pa Mpika, amaona magalimoto a katundu alikupita usana ndi usiku, ena ocokera ku Durban, ena olinga ku Dar es Salaam. Koma kale kufika ndi galimoto m'madera amenewa kunali cinthu cozizwitsa, ndipo amene anayesa kutero anakonzekera monga anthu opita kunkhondo. Nkhani ya lero ndi ya ulendo woyamba wa galimoto wocokera ku Cape Town kufika ku Cairo, umene unapyola m'dziko lino m'caka ca 1925.

Woyamba kuyesa njira imeneyi anali Captain Kelsey, amene ananyamuka m'caka ca 1913. Iyeyu sanafike kutali, cifukwa ali ku Rhodesia nyalugwe anampweteka, nafa nazo zirondazo, ndipo ulendo unathera pomwepo. Itapita nkhondo yaikuru yoyamba, Mngelezi wina dzina lace Major Chaplin Court Treatt anatsimikiza mtima kutsiriza cimene cinakanika Kelsey. Munthu ameneyu sanali mlendo kuno. M'caka ca 1919 anatsogolera gulu limene linalambula mabwalo oterapo ndege kucokera ku Abercorn, kumene tsopano ndi ku Mbala, kufika ku Cape Town. Motero thengo la dziko lino analidziwa ndi mapazi ace.

Makonzedwe ace anali a nzeru ndithu. Poyamba anasankha njira yopita m'maiko okhaokha amene nthawi imeneyo anali m'manja mwa Angelezi: South Africa, Southern Rhodesia, Northern Rhodesia, Tanganyika, Kenya, Uganda ndi Sudan, kufikira ku Egypt kumene mphamvu ya Angelezi inali ikali yaikuru. Potero mabvuto a pamalire anacepa, ndipo pa boma liri lonse anayembekeza kupeza cithandizo. Caciwiri anatenga magalimoto awiri olimba a mtundu wa Crossley, opangidwa ku Manchester, kuti imodzi ikatitimira inzace iikoke. Cacitatu, popeza kuthengo kunalibe kogula petulo, anatumiziratu petulo ndi zitsulo zosinthira kuti zikawadikire m'malo osankhika a m'njira. Ndipo poganizira mitsinje yopanda milatho, madenga a magalimotowo anawapanga mwakuti akawacotsa ndi kuwalumikiza asanduke bwato.

Pa ulendowo panali Major yemweyo, mkazi wace Stella, mlongo wace wa Stella dzina lace Errol Hinds, Thomas Glover wojambula zithunzi za baisikopo, Fred Law wolemba nkhani za nyuzipepala ya Daily Express, ndi Julius Mapata, munthu wa mu Africa amene anali wotsogolera njira ndi womasulira mau.

Ananyamuka ku Cape Town m'mwezi wa September 1924, ndipo apa ndi pamene panabisala colakwa cacikuru. Mlimi ali yense wa kuno adziwa kuti mitambo iyamba kusonkhana mu October ndi November, ndi kuti kuyambira December kufikira March dambo silipondeka. Amene anyamuka ku Cape mu September ndi galimoto yoyenda pang'onopang'ono afika ku Rhodesia pamodzi ndi dzinja. Ndimo zinacitikira. Kucokera ku Bulawayo kufika ku Mosi-oa-Tunya ndi ulendo umene lero galimoto itsiriza dzuwa lisanalowe. Iwo anathera pamenepo miyezi ngati inai. Mitsinje inadzaza, matayala analowa m'matope kufikira m'zitsulo, ndipo masiku ena dzuwa linalowa akali kuona malo amene anagonapo dzulo lace. Cakudya cinacepa, malungo anawagwira. Madenga aja a bwato, amene anawadalira kwambiri, anakhala katundu wolemetsa cabe, ndipo potsiriza anawasiya panjira. Akuru anati safunsa anadya phula.

Ataoloka Zambezi nalowa m'dziko lino, mvula inali itayamba kukata, ndipo ulendo unapepukako. Anapita ku Broken Hill, kumene tsopano ndi ku Kabwe, natsata njira ya kumpoto imene inalambulidwa m'nthawi ya nkhondo kuti ipereke katundu kwa asilikari a kumalire a Abercorn. Njira imeneyi ndiyo kholo la mseu waukuru wa kumpoto wa masiku ano. Kucokera apo analowa mu Tanganyika, nafika ku Nairobi, nalunjika ku Sudan.

Kum'mwera kwa Sudan anakomana ndi madambo akuru ndi mitsinje yotakata. Pa mtsinje wa Bahr el Arab anthu a mtundu wa Dinka anamanga zingwe ku magalimoto nawakoka m'madzi kufikira tsidya lina. Izi sizinacitike kumeneko kokha ai. M'njira monse, pamene makina analephera, anali anthu a m'midzi amene anadula mitengo, kuyala nthambi pamatope, kukonza maoloko, kukankha ndi kukoka. Maina ao sanalembedwe, koma popanda manja ao magalimoto aja akadaolera m'dambo loyamba. Atapyola cipululu ca mcenga ca kumpoto, anafika ku Cairo pa 24 January 1926, atayenda mailosi 12,732 m'miyezi 16. Zithunzi za Glover zinaonetsedwa m'caka comweco, ndipo Stella analemba buku la ulendowo lochedwa Cape to Cairo.

Kucokera nthawi imeneyo zambiri zasintha. Mseu wa kumpoto, umene oyendetsa magalimoto a mafuta anabvutika nao koopsa Rhodesia atadzilengeza yekha ufulu m'caka ca 1965, anauthira phula m'zaka zotsatira. Pa Kazungula, pamene magalimoto anali kudikira pantoni masiku ambiri, anatsegulapo mlatho m'caka ca 2021. Koma matope atacepa, malire anacuruka. Maiko aja tsopano ali ndi maboma ao ao, ndipo wapaulendo ayenera kukonzeratu pasipoti, cilolezo colowera m'dziko liri lonse, makalata osonyeza mwini galimoto, ndi inshuwalansi monga kadi lacikasu la COMESA. Ayeneranso kumvetsera za mtendere wa kumene apita, pakuti nkhondo imene inabuka ku Sudan m'caka ca 2023 inatseka njira imene Court Treatt anapitamo.

Ulendo wa 1924 uphunzitsa kuti petulo, zitsulo ndi mapu ndi gawo limodzi cabe la makonzedwe. Major Court Treatt anawerenga bwino mailosi ndi zigubu za mafuta, koma nyengo ya mvula sanaiwerenge bwino, ndipo inamlanda miyezi inai. Cimene cinampulumutsa ndi cimene sanathe kucilongedza m'galimoto, ndico cifundo ndi mphamvu za eni dziko amene anawapeza m'njira.